Ndevu Ziwiri ndi Mlatho wa pa Lingodzi

Mwambi uliwonse uli ndi kwawo, monga munthu. Unabadwira pena pake, ndipo alipo amene anauona ukukwawa. Lero tiyeni tikacheze kwawo kwa mwambi wina umene akuluakulu amaunena akaona anthu awiri ochenjeretsa akuzembana. Ena adzakuuzani kuti mwambiwu ndi wakale kuposa misewu ya phula. Asiyeni anene, wokamba nkhani pano ndine.

Kunali maboma awiri oyandikana, la Nsengwa ndi la Chitungwi, ndipo malire awo anali mtsinje wa Lingodzi. M'chilimwe Lingodzi unali mtsinje waulemu, woti mwana ankauwoloka madzi akulekeza m'mawondo. Koma mvula ikangogwa kumapiri, ulemu wonse unkathera pomwepo. Unkakokolola mitengo, nthochi ndi ng'ombe zomwe, ndipo panalibe wabwato wolimba mtima woti n'kuuyesa. Dzinja lonse anthu a tsidya lino ndi a tsidya lija ankangoonerana patali.

Wapampando wa khonsolo ya Nsengwa anali a Dafuleni Mbalule, bambo wamfupi, wa kamimba, woyankhula mokoma zedi. Wapampando wa khonsolo ya Chitungwi anali a Yotamu Chadzunda, wamtali, woonda, wosekerera nthawi zonse ngati wakumbukira kanthu kena kamene sakufuna kukuuza. Onse awiri anali atambwali. Tambwali ndi munthu wochenjera mwachinyengo, woti akabwera kudzakuchezera, pobwerera nkhuku yako imamutsatira.

Tsono tsoka linawalumikiza awiriwa. Esinala, mwana mmodzi yekhayo wa a Mbalule, anakwatiwa ndi mwana wa a Chadzunda, motero apampando awiriwo anakhala asewere. Pa ukwati anagwirizana kuti banja lililonse lipereke mbuzi imodzi. A Mbalule anasankha nkhalamba ya mbuzi yotha mano, n'kuinyambitsa mchere, n'kuimwetsa madzi mpaka mimba inakwera, kuti izioneka yonona. A Chadzunda anabwera ndi mbuzi yonenepadi, yonyezimira ubweya. Koma Nangondo, mkazi wa a Mbalule, ataiyang'anitsitsa khutu anaizindikira kuti inali mbuzi yawo yomwe, imene inasowa kumtsinje mwezi wapitawo. Nyama inadyedwa, ndipo asewere awiriwo anayamikirana kuwolowa manja pamaso pa anthu.

Ukwati utatha, a Chadzunda anapempha chitengwa cha nyengo imodzi yokha, ati mtsikanayo akathandize kukolola chimanga kenako banjalo lidzabwerera kwa mkazi monga mwa mwambo. Chimanga chimenecho chikukololedwabe mpaka lero. Esinala anakhazikika tsidya lija, ndipo dzinja lililonse a Mbalule sankamuona mwana wawo. Apa ndinene chilungamo: bamboyu ankamukonda Esinala ndi mtima wonse, ndipo pa nkhani imeneyi yokha analibe utambwali. Mvula ikamagwa ankakhala pakhonde atagwira tsaya, akumusowa mwana wawo.

Chaka china kunabwera uthenga wochokera ku likulu wakuti msewu waukulu wa phula udutsa m'maboma awiriwo, ndipo pa Lingodzi pamangidwa mlatho. Amene anabwera ndi uthengawo anali Mai Kalinde, injiniya wamkulu, mayi wosakonda mawu ambiri, amene ankayang'anira misewu ya chigawo chonse. Anasonkhanitsa makhonsolo onse awiri n'kuyala mapu.

"Mlatho timanga ndi ife a ku likulu," anatero. "Koma msewu wofika pa mlathowo, khonsolo iliyonse iyang'anira mbali yake, chifukwa ndinu amene mukudziwa pamene pali minda, madambo ndi manda. Aliyense ayambire kumalire akutali n'kumabwera kumtsinje. Chofunika n'chimodzi: mugwirizane pokumanirana."

A Mbalule mtima unadumpha ndi chimwemwe. Mlatho! Ndiye kuti azikamuona Esinala ngakhale mvula ikugwa usana ndi usiku. Koma mtima wa tambwali sukhala ndi ganizo limodzi. Ganizo loyamba lisanazizire, lachiwiri linali litafika kale: mlathowo ungakome bwanji utakhala pa Thundulo, kwawo kwenikweni, kumtunda kwa mtsinje, kumene anali ndi nyumba ndi chigayo?

Komiti ya makhonsolo awiriwo inakumana miyezi ingapo. Msonkhano woyamba unatha akukangana za kochitira msonkhano wachiwiri. Wachiwiri unatha akukangana kuti akhale kutsogolo ndani, mpaka anachita kubweretsa matebulo awiri. A Mbalule ankati mlatho ukhale pa Thundulo chifukwa nthaka ya kumeneko ndi yolimba. A Chadzunda ankati ukhale pa Nkolimbo, kwawo, kumunsi kwa mtsinje, chifukwa mphepo ya kumeneko ndi yabwino, ngati kuti mlatho umadwala chimfine. Pomaliza Mai Kalinde anatopa nazo, analoza pakati pa malo awiriwo, pamene panali mkuyu waukulu ndi thanthwe mbali zonse ziwiri.

"Pa Mkuyu," anatero. "Palibe wopambana, palibe wogonja. Sainani."

Onse awiri anasaina mwachangu, ndipo changu chimenecho chikanayenera kumudabwitsa munthu wowadziwa.

Pa tsiku lokhazikitsa ntchito panasonkhana chinamtindi cha anthu pa Mkuyu pomwepo. A Mbalule, mawu atawakomera, anagwira chibwano chawo n'kutemetsa nkhwangwa pamwala.

"Ine Mbalule ndikulumbira pamaso panu! Chibwano ichi sichidzaona lumo mpaka nkhani ya mlatho uwu itatheka!"

Amayi anaimba nthungululu. A Chadzunda ataona kuti nthungululu zonse zikupita tsidya lina, nawo anadzambatuka.

"Asewere anga alumbirira ndevu zokha. Ine ndikuwonjezapo tsitsi la m'mutu!"

A Mbalule anali ndi dazi, choncho pamenepo sakanatha kupikisana nawo. Anangowomba m'manja mano ali okukuta.

Ntchito inayamba. Makatapila anafika, oyeza malo anayamba kukhoma zikhomo, ndipo a Mbalule anayamba kuchita masamu awo. Ankati mumtima: msewu si mphasa yoti ungaipinde n'kukaiyala pena. Phula langa likangofika pamtsinje pa Thundulo, mlatho udzalitsatira wokha, ndipo asewere adzachita kukhotetsa msewu wawo kuti andipeze.

Anayamba kuperekeza oyeza malo tsiku ndi tsiku, ndipo anthu anawayamikira kuti ndi mtsogoleri wakhama. Oyezawo anali anyamata ochokera kutali, osadziwa dera. Tsiku lina atafika pa kankhalango kena, a Mbalule anaima, anavula chipewa, nkhope inagwa.

"Bwana wapampando, kwagwanji?" anafunsa mkulu wa oyezawo.

"Palibe kanthu, ana anga. Pitirizani ntchito yanu. Kungoti apa ndi pamene anagona agogo a agogo anga. Koma musadandaule, anali munthu wofatsa. Mwina sangakwiye katapila akawadutsa pamimba."

Anyamatawo anayang'anana. Ndani angafune kulimbana ndi manda a eni ake? Anazula zikhomo n'kuzisunthira kumtunda pang'ono. Patsogolo panapezekanso kankhalango kena, ndipo umo munagona azakhali a a Mbalule. Kenako amalume awo. Kenako mapasa ena amene palibe ankawakumbukira maina. Chodabwitsa chinali chakuti akufa onsewa anagona kumunsi kwa msewu, moti powalambalala, msewu unkangokhotera kumtunda, kulunjika ku Thundulo.

Tsiku lina Nangondo anawafunsa akuwapatsa madzi osamba m'manja.

"Bambo a Esinala, abale anu onsewa amene akumwalira chaka chino, bwanji ife sitikumva uthenga wa maliro? Anthu ationa ngati ouma mtima."

"Nangondo, izi ndi nkhani za chitukuko. Sungazimvetse."

"Chimene ndikumvetsa ine n'chakuti ndikufuna kuwoloka kukaona mwana wanga. Mlathowo ukhale pa Mkuyu, ukhale pa Thundulo, ukhale padenga pa tchalitchi, bola ukhalepo. Ndipo ndevu zanuzo zatenga phala."

Ndevuzo zinali zitakuladi. Zinayamba ngati udzu wa pa chulu, kenako zinafika pachifuwa. Ankati akamamwa tiyi ankachita kuzigwira ndi dzanja limodzi. Ana a sukulu akawaona ankapatuka njira, ndipo tsiku lina m'tchalitchi mlendo wina anawapempha kuti amupempherere poganiza kuti ndi mneneri.

Komiti ya makhonsolo awiri inkakumanabe. Asewere awiriwo ankakhala pa matebulo awo awiri, ndevu zili lende, n'kumapereka malipoti okoma.

"Msewu wa Nsengwa ukulunjika pa Mkuyu ngati muvi," ankatero a Mbalule.

"Wa Chitungwi nawo sukuyang'ana kumanja kapena kumanzere," ankayankha a Chadzunda.

Khansala wina anaperekapo ganizo loti makhonsolo aziyenderana, aliyense akaone ntchito ya mnzake. Linali ganizo lanzeru, koma a Mbalule anaona msanga kuti wopempha kuona m'nkhokwe ya mnzake ayenera kutsekulanso yake. Anati kuyenderana koteroko n'kusonyeza kusakhulupirirana, ndipo pakati pa asewere n'kunyozana. A Chadzunda anavomereza ndi mtima wonse. Aka kanali koyamba kuti awiriwa agwirizane popanda kukangana, ndipo malipoti anapita kwa Mai Kalinde ali ndi masaini onse awiri.

Mphekesera zinawolokadi mtsinje zakuti tsidya lija nako msewu ukuyenda mokhotakhota. Ankati a Chadzunda akupeza dambwe, malo obisika a gule wamkulu, m'kankhalango kalikonse, ndipo oyeza malo akumathawa osacheuka. A Mbalule anaseka chikhakhali. Anati limenelo ndi bodza lofalitsidwa ndi asewere awo pofuna kuwaopseza. Sizinawalowe m'mutu kuti nzeru imene anaipeza iwo ingapezekenso m'mutu mwa munthu wina.

Tsiku linafika lakuti phula la Nsengwa ligunde mtsinje. Linafikira pa Thundulo penipeni, moti fumbi la makatapila linkalowa m'chigayo cha a Mbalule. Iwo anabwera ndi kwaya ndi makhansala awo, anaima kumapeto kwa phula, n'kuyang'ana tsidya lija. Kunali tchire lokhalokha, ndi nyani mmodzi atakhala pamwala akudzikanda. Kenako mphepo inabweretsa kulira kwa ng'oma kuchokera kutali kumunsi kwa mtsinje. Kumeneko nako kunali chikondwerero, chifukwa phula la Chitungwi linali litafika pa Nkolimbo.

Mai Kalinde atabwera anayenda pansi kuchokera kumapeto kwa msewu wina kukafika kumapeto kwa unzake, ndipo anafika nsapato zitang'ambika. Anakhala pansi pa mkuyu uja n'kupumulako. Kenako anaitanitsa makhonsolo onse awiri ndi anthu awo.

"Ndinakutumani kuti mukumane," anatero. "Mwamanga misewu iwiri yokongola yopita kukamwa madzi. Tsono mverani. Mlatho ulipo umodzi. Malo ake ndi pano, chifukwa thanthwe lili pano. Khonsolo iliyonse ikhotetse msewu wake ubwerere pa Mkuyu. Ngati sizitheka mvula isanayambe, kuli maboma ena awiri ku mtsinje wina amene anagwirizana kalekale, akungodikira. Mlatho upita kumeneko."

"Mayi, bweretsani pepala tisaine," anatero a Mbalule mokoma.

"Ine cholembera ndatulutsa kale," anatero a Chadzunda.

"Munasainanso kale," anayankha Mai Kalinde. "Masaini anu ndili nawo odzaza kabati. Ndikufuna chinthu chondionetsa kuti wina mwa inu angathe kumukhulupirira mnzake."

Ndiye Nangondo anaimirira pakati pa amayi, anamanga bwino chitenje chake, n'kupempha mwayi woyankhula.

"Mayi, ine sindinaphunzire za mapu. Koma akuluakulu awiriwa analumbira pano kuti sadzameta mpaka nkhani ya mlatho itatheka. Ngati lero yatheka, ametane. Uyu amete uyu, uyu amete uyu, ife tikuona. Ine ndatopa kugona ndi chitsamba."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo Mai Kalinde nawo anamwetulira koyamba tsiku limenelo.

"Amayiwa anena zanzeru kuposa komiti yonse. Ndikaona zibwano ziwiri zosalala, makina a mlatho abwera. Koma onani kumwambako, mitambo yayamba kusonkhana. Ine sindigona kuno."

Anthu anathamanga. Wina anabweretsa mpando, wina beseni ndi sopo, wina lumo lopinda lija lonoleredwa pa lamba. Zonse anaziika pa mchenga pakati pa mtsinje, pamalo posakhala pa Nsengwa kapena pa Chitungwi. Anthu anadzaza magombe onse awiri, ena anakwera mumkuyu.

A Mbalule anayang'ana lumo lija, ndipo mutu wawo, umene sunkadziwa kupuma, unayamba ntchito. Anaganiza kuti: ndikayamba ine kumeta, ndimeta tsaya limodzi lokha n'kuima. Munthu wa ndevu za mbali imodzi, lumo lili pakhosi, anthu onsewa akumuseka, angakane chiyani? Ndidzangonong'oneza kuti mlatho usunthire kumtunda pang'ono, ndipo adzavomera. Nzeruyo inawakomera kwambiri moti anamwetulira. Atatukula maso anapeza a Chadzunda nawo akuyang'ana lumo lomwelo, akumwetuliranso chimodzimodzi.

"Khalani pampando, asewere," anatero a Mbalule. "Ndinu akulu kwa ine, muyambe ndinu kutsitsimuka."

"Ayi, asewere, zimenezo ndi zamwano. Lumbiro munayambitsa ndinu. Ndingakulandeni bwanji ulemu wanu?"

"Inu muli ndi ndevu ndi tsitsi lomwe. Katundu wolemera ndiye amayamba kutulidwa."

"N'chifukwa chake muyambe inu, asewere. Zanuzo n'zapafupi, tithana nazo msanga."

Anapatsana ulemu motero mpaka dzuwa linapendeka. Mpando unangokhala wopanda munthu. Wina m'gulumo anakuwa kuti pabwere lumo lachiwiri kuti ametane nthawi imodzi, ndipo linapezeka. Asewere awiriwo anaima choyang'anizana. Anapakana sopo mosamala kwambiri mpaka nkhope zonse zinayera thovu. Aliyense anatukula lumo ndi dzanja lamanja, ndipo nthawi yomweyo aliyense anagwira mkono wa mnzake ndi dzanja lamanzere. Anaima choncho, manja ali m'mwamba, akuzungulirazungulira pamchenga ngati atambala, popanda tsitsi ngakhale limodzi logwa pansi.

"Siyani mkono wanga, asewere," ananong'oneza a Chadzunda.

"Yambani ndinu kusiya wanga."

Kumapiri kunagunda bingu. Mai Kalinde anayang'ana kumwamba, kenako anayang'ana galimoto yawo.

Apo Esinala anatuluka m'gulu la tsidya la Chitungwi. Anali ndi pakati, miyezi itatsala yowerengeka, ndipo anayenda pang'onopang'ono pamchenga mpaka anafika pamene panali bambo ake. Anagwada movutikira. Kuseka konse kunatha.

"Ababa, khalani pampando," anatero motsitsa mawu. "Mwanayu abadwa madzi atadzaza. Ine ndikufuna amayi adzakhale pafupi, ndikufuna inu mudzamunyamule. Ngakhale apongozi atakuchekani pang'ono, bala limapola. Ndapota nanu."

Mawu amenewo anawalasa a Mbalule. Anamuyang'ana mwana wawo ali chogwada pamchenga wotentha, ndipo anachita manyazi, manyazi enieni, amene anali asanawamvepo chikhalire wapampando. Anasiya mkono wa a Chadzunda, anaponya lumo lawo m'beseni, n'kukhala pampando. Amayi a mbali zonse ziwiri anaimba nthungululu. Nangondo anayamba kuvina.

A Chadzunda anaima kumbuyo kwa mpando. Ananola lumo pa lamba, uku ndi uku, mosafulumira. A Mbalule ankamva kulira kwa lumolo kumbuyo kwawo, koma wonolayo sankamuona. Anayesa kuganiza za Esinala. Koma maganizo ena anabwera okha osaitanidwa: tsaya limodzi, kuima, kunong'oneza. Nzeru yawo yomwe ija inawabwerera, koma tsopano wokhala pampando anali iwo. Chala chozizira chinawatukula chibwano. Chitsulo chinakhudza khosi. Ndipo a Chadzunda anawerama n'kuyandikitsa pakamwa pa khutu lawo.

"Musagwedezeke, asewere."

Ana inu, mawu amenewa wometa aliyense amawanena. Palibe angadziwe ngati a Chadzunda anali ndi mawu ena kumbuyo kwake. Koma a Mbalule sanadikire kuti amve. Anafuula kuti, "Mayo, andipha!" n'kudumpha. Mpando unagwera uko, beseni uko. Anathamanga liwiro la mtondo wadooka, thovu likuuluka, ndevu zili petupetu, mpaka anapunthwa n'kugwera m'kadziwe ka m'mbali mwa mchenga. Anthu atawavuula anafufuza khosi lonse, koma sanapeze ngakhale kakanda.

Mai Kalinde anayesa komaliza. Anaimika mpando uja, anaupukuta mchenga ndi dzanja, n'kutembenukira kwa a Chadzunda.

"Chabwino. Anzanu ayesa, zawakanika. Khalani inu, akumeteni iwo."

A Chadzunda anayang'ana a Mbalule ali chinyowere, akupuma mwabefu. Anapinda lumo lawo n'kuliika m'thumba.

"Mayi, munthu amene wathawa lumo langa chonchi akudziwa chimene akanachita ndi lake. Khosi ndili nalo limodzi."

Anakana kwamtuwagalu. Makhansala anachonderera, abusa anachonderera, mwana wawo yemwe anachonderera, koma sizinatheke. Madontho oyamba a mvula anayamba kugwa pamchenga. Mai Kalinde anapinda mapu awo, anatsanzika anthu mwaulemu, anakwera galimoto n'kupita. Mlatho unakamangidwa ku mtsinje wina uja, kwa anthu amene anatha kumvana.

Pobalalika, Nangondo anamuthandiza Esinala kudzuka. Anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana sewere wake, onse awiri sopo akuyenderera m'ndevu, ndipo ananena mokweza kuti magombe onse amve:

"Ndinalakwa ndine. Atambwali sametana, amaopa kuchekana."

Dzinja la chaka chimenecho linali lamvula yambiri. Lingodzi unadzaza mpaka kumiza thanthwe la pa Mkuyu. Mwana wa Esinala anabadwa madzi ali m'khosi mwa mitengo, ndipo uthenga unachita kuwoloka pa foni. Mwanayo atatuluka m'chikuta, a Mbalule ndi Nangondo anayenda m'matope kutsika ndi mtsinje mpaka anafika moyang'anizana ndi Nkolimbo. Tsidya lija, kumapeto kwa phula la a Chadzunda, Esinala anaima n'kutukula kamwanako m'mwamba ndi manja awiri kuti agogo ake akaone.

A Mbalule anatong'ola maso, anapukuta, anatong'olanso. Chimene ankaona chinali kansalu koyera basi. Anafuula kufunsa kuti mwanayo akufanana ndi yani, koma mkokomo wa madzi unameza mawu awo. Anaima pamenepo mvula ikuwanyowetsa, ndipo analira, osabisa, pamaso pa mkazi wawo. Nangondo anangowafunditsa mbali ina ya chitenje chake.

Uko ndiye kwawo kwa mwambi wakuti, "Atambwali sametana, amaopa kuchekana." Kumetedwa kumafuna kuti munthu akhale pansi, atukule chibwano, apereke khosi lake kwa mnzake amene wagwira chitsulo chakuthwa. Munthu woongoka mtima amatha kutero, chifukwa amaganiza kuti mnzakeyo ndi woongoka ngati iye. Koma tambwali amayeza mtima wa mnzake ndi mtima wake womwe. Amadziwa bwino chimene iye akanachita lumo likanakhala m'manja mwake, ndiye amaopa. N'chifukwa chake mwambiwu umanenedwa anthu awiri achinyengo akamalephera kuchitira limodzi kanthu, ngakhale kanthu kowathandiza onse, chifukwa aliyense akudikira kupusitsidwa.

Ena mwa inu mudzakhala m'makomiti, ena mudzakhala apampando a makhonsolo, ndipo mudzapatsidwa ntchito zoti simungazithe popanda anzanu a tsidya lina. Mukadzayamba kupeza manda a agogo anu m'kankhalango kalikonse, dziwani kuti amene mukumupusitsa kwambiri ndi inu nomwe, chifukwa tsiku lidzafika loti mukhale pampando, ndipo mtima wanu womwewo sudzakulolani. A Mbalule sanachekedwe ndi munthu. Khosi lawo analiteteza bwino lomwe, koma mdzukulu wawo anakamunyamula koyamba madzi ataphwa, mwanayo atayamba kale kuopa alendo.